Wosiya Fodya Akasuta Kumaloto, Kodi Waswa Lumbiro?

Mu 1991 akatswiri awiri a ku London, Peter Hajek ndi mnzake Belcher, adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adachita pa anthu 293 omwe anali atangosiya kusuta, ena atatha sabata imodzi, ena masabata anayi. Adawafunsa za chinthu chimene kuchipatala safunsa kawirikawiri, ndicho maloto. Munthu mmodzi mwa atatu alionse adati walotapo akusuta. M'maloto ambiri wolotayo ankangodzipeza ndudu ili pakamwa, ndipo pomwepo mantha ndi kudziimba mlandu zinkamugwira. Anthu 97 mwa 100 alionse sankalota zotere pa nthawi imene ankasuta. Malotowo ankaoneka enieni kuposa a masiku onse, moti munthu atha kudzidzimuka pakati pa usiku n'kuyamba kununkhiza zala zake.

Dokotala akamva zimenezi amalemba kuti thupi likusowa chikonga, n'kuitana wodwala wina. Mwini malotoyo ndiye amatsala ndi funso limene kabuku ka kuchipatala sikayankha. Adalumbira pamaso pa mkazi wake, mwina pamaso pa mpingo tsiku la ubatizo, mwina pambali pa mwana amene ankabanika ndi chifuwa, kuti iye ndi fodya asiyana. Masana wapirira. Wadutsa pa okala pomwe ankagula ndudu imodziimodzi osatembenuka, wakana chingambwe chimene mnzake adamusunthira pa bawo. Ndiye usiku iye yemweyo wasuta. Kodi lumbiro lija lasweka? Nanga wosuta ujayo ndani ngati si iyeyo?

Ku Malawi ndi ku Zambia funsoli limalemera kwambiri, chifukwa anthu satenga maloto mwachibwana. Makolo ankati mizimu ya akufa imalankhula kutulo, kudandaula kuti yaiwalika kapena kuchenjeza za tsoka. M'mipingo yambiri ya masiku ano munthu akalota akudyetsedwa nyama, kukacha amathamangira kwa abusa kuti amupempherere. Baibulo nalo lili ndi Yosefe, Danieli ndi Yosefe winayo, mwamuna wa Mariya, onse odziwika ndi nkhani za maloto. Choncho bambo amene walota akusuta ali ndi omasulira ambiri omudikira. Wina ati chiwanda cha fodya chikubwerera, wina ati ndi malemu agogo ake aja sankasiyana ndi kaliwo, wina ati mtima wake sudalape kwenikweni. Ndipo nkhaniyi imagwera makamaka abambo: kafukufuku wa zaumoyo wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti mwa abambo 100 alionse a ku Malawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 26 ankasuta, pomwe amayi anali 3 okha. Abambo sakonda kuulula zimene zawaopsa usiku. Amangokhala nazo mumtima.

M'pofunika kuyamba ndi zimene zikuchitika m'thupi. Chikonga sichikhalitsa m'magazi. Pakatha maola awiri, theka lake limakhala litachoka. N'chifukwa chake wosuta kwambiri amafuna ndudu asanasukusule n'komwe, ndipo ena amadzuka pakati pa usiku kukasuta pakhonde. Ubongo umene wazolowera chikonga kwa zaka umachulukitsa timalo tochilandirira, ndiye fodya akasiyidwa timaloto timatsala pululu. Mavuto amayamba tsiku loyamba lomwelo, amafika pachimake pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo kwa ambiri amazilala pakatha masabata awiri mpaka anayi. Munthu amapsa mtima ndi kanthu kochepa, amamva njala pafupipafupi, maganizo sakhazikika, tulo timakhala toduladula. Kudzidzimuka kumeneku n'kumene kumachulukitsa maloto okumbukika. Wogona tofa nato mpaka m'mawa amalotanso, koma zambiri amaziiwala. Amene wadzuka loto lili mkati ndiye amalitenga lonse kupita nalo kunja.

Funso la mlandu wa kutulo ndi lakale kuposa fodya, amene adafika ku Ulaya ndi ku Africa pambuyo pa ulendo wa Columbus wa mu 1492. Mmodzi mwa anthu amene adalimbana nalo moona mtima anali mwana wa Africa, Augustine, wobadwa mu 354 ku Thagaste, kumene lero ndi ku Souk Ahras m'dziko la Algeria. Asanabatizidwe ku Milan mu 387 adakhala zaka zambiri ndi mkazi amene sadamange naye ukwati, n'kubereka naye mwana dzina lake Adeodatus. Atatembenuka mtima adasankha kukhala wosakwatira. Patatha zaka pafupifupi khumi, ali kale bishopu wa ku Hippo, adalemba buku la Confessions, ndipo m'gawo lake lakhumi adaulula chinthu chimene mtsogoleri wina akadabisa. Zithunzi za moyo wake wakale, zimene masana zinalibe mphamvu pa iye, kutulo zinkamukopa mpaka kuvomera. Adafunsa Mulungu ngati pa nthawi yoteroyo amakhala kuti si iyenso, ndiponso kumene nzeru zimapita munthu akatseka maso. Chidamuzunguza mutu n'chakuti masiku ena kutulo komweko ankakumbuka lonjezo lake n'kukana. Ngati munthu angathe kukana ali m'tulo, bwanji usiku wina amavomera?

Yankho lake linali la mbali ziwiri, ndipo sadataye mbali iliyonse. Adati podzuka chikumbumtima chimapezanso mtendere, popeza kusiyana kwa munthu wogona ndi munthu wodzuka kumasonyeza kuti iye sadachite chinthucho. Komabe amamva chisoni kuti chachitika mwa iye. Sadadziweruze kuti ndi wolakwa, sadadzinamizenso kuti wachira. Adapempha Mulungu kuti apitirize kumuchiza kufikira kutulo komweko.

Patadutsa zaka zoposa 800, katswiri wa zaumulungu Thomas Aquinas adalongosola nkhaniyi mwadongosolo m'buku lake la Summa Theologiae. Tchimo limafuna nzeru yomasuka, yotha kusankha. M'tulo nzeru imakhala yomangika, choncho chochitika kutulo si tchimo pachokha. Aquinas ankakhulupirira kuti mizimu yoipa itha kutakasa zithunzi m'mutu mwa wogona, koma ngakhale pamenepo adati nthawi zina zimachitika popanda kulakwa kulikonse kwa munthuyo, mfundo imene opempherera anthu masiku ano akadachita bwino kuidziwa. Kenaka adawonjezera chinthu chofunika: ngati mlandu ulipo, uli pa chimene chidayambitsa munthu ali maso, monga kudya ndi kumwa mopyola muyeso, kapena kusewera dala ndi maganizo oipa asanagone. Adachotsa mlandu pa usiku n'kuuika pa madzulo.

Asilamu a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota amaphunzira zofanana kumadrasa. Hadisi yodziwika bwino imaphunzitsa kuti pali anthu atatu amene zochita zawo sizilembedwa ngati mlandu: mwana asanakule, wamisala asanachire, ndi wogona asanadzuke. Kusuta masana m'mwezi wa Ramadan kumaononga kufunga, koma wofunga amene watsinza masana n'kulota akudya kapena akusuta, kufunga kwake kuli bwinobwino.

Wotsutsa mfundoyi mwamphamvu ndi katswiri wa za maganizo Sigmund Freud. Mu 1925 adalemba kuti munthu ayenera kuvomereza kuti zilakolako zoipa za m'maloto ake ndi zake ndithu, chifukwa palibe kwina kumene zachokera. Chibaba ankachidziwa bwino. Ankasuta ndudu zikuluzikulu zija pafupifupi 20 patsiku. Mu 1894 adayesa kusiya atalangizidwa ndi mnzake Wilhelm Fliess, adazunzika, n'kubwereranso. Mu 1923 adapezeka ndi khansa ya m'kamwa, adachitidwa maopareshoni oposa 30, koma adasutabe kufikira imfa yake ku London mu 1939.

Freud adanena zoona pa mfundo imodzi, ndipo wosiya fodya asaithawe. Chilakolako cha m'lotocho n'chake. Sichidachokere kwa agogo kapena kwa mfiti ya kutsidya; ndi iye amene adaphunzitsa thupi lake kwa zaka 10 kapena 20 kuti akadya nsima, akakwiya, akasangalala, dzanja lipite kuthumba. Thupilo silinaiwale. Koma kukhala ndi chilakolako n'kosiyana ndi kuchivomera. Lumbiro la munthuyo linali lakuti sadzasutanso. Sadalumbire kuti sadzamvanso chibaba, ndipo palibe munthu wanzeru angalumbire zimenezo, chifukwa chibaba sichipempha chilolezo. Paulo pa Aroma 7 akufotokoza za munthu amene mtima wake ukufuna chabwino pomwe m'ziwalo zake muli lamulo lina lolimbana nawo, ndipo kulimbana kumeneko n'kumene wosiya fodya ali nako sabata yachiwiri. Mlandu umayamba pamene munthu wamaso watambasula dzanja n'kuyatsa. Wogona sadatambasule dzanja.

Tsono loto lenilenilo likayang'anidwa bwino limanena zosiyana ndi zimene omasulira aja akunena. Wolota amagwidwa ndi mantha ndi manyazi. Ndiye kuti chikumbumtima chake chalowa naye kutulo, lumbiro lija lazika mizu mpaka kumalo kumene iye salamula. Hajek ndi Belcher adapeza kuti amene ankalota akusuta ndiwo anali ndi mwayi wokulirapo wopitiriza osasuta. Mwa anthu amene adakwanitsa chaka chathunthu, 63 mwa 100 alionse ankakumbuka maloto otere, munthu mmodzi pafupifupi kasanu, ndipo limodzi mwa maloto anayi alionse lidabwera itadutsa kale miyezi isanu ndi umodzi. Anthu amenewa sadali ogwa. Adali opambana.

Katswiri wina wa za maganizo, Daniel Wegner, adathandiza kumvetsa chifukwa chake. Mu 1987 adauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo chimbalangondocho chidawadzadza m'mutu. Mu 2004, ali ku Harvard, iye ndi anzake adauza ophunzira kuti asanagone athe mphindi zisanu akuyesetsa kusaganiza za munthu wina wake amene amamudziwa. M'mawa zidapezeka kuti munthu wopewedwayo ndiye adabwera kwambiri m'maloto awo. Chimene munthu akukankha masana chimapeza khomo usiku. Buku la Mlaliki, pa mutu 5, lidaona kale kuti maloto amabwera chifukwa cha kuchuluka kwa zotangwanitsa mtima. Wolota ndudu ndi munthu amene watha tsiku lonse akukana ndudu.

Choopsa chenicheni chili m'mawa mwake. Alan Marlatt ndi Judith Gordon, m'buku lawo la mu 1985 lonena za kubwerera ku zizolowezi zoipa, adasonyeza kuti chimene chimagwetseratu munthu si kupunthwa kokha ayi, koma mmene iye akutanthauzirira kupunthwako. Akangoti, "Ine ndine wolephera, zanga zada kale, bola ndingosuta," ndiye kuti wapita. Tsono taganizirani bambo amene sanagone bwino masiku asanu, mutu ukulemera, ana akumusokosa, ndipo mkulu wa mpingo wamuuza kuti loto lake likusonyeza kuti sadalape. Wapatsidwa mlandu wa tchimo limene sadachite. Pobwerera kunyumba adutsa pa okala paja, ndipo ulendo uno atembenuka. Mlangizi woteroyo, ngakhale ali ndi cholinga chabwino, wamulakwira munthuyo, ndipo m'pofunika kunena zimenezi mosapsatira.

Ngati udindo wa munthu uli pa madzulo, monga adanenera Aquinas, ndiye kuti pali ntchito yogwira. Wanzeru wamakedzana Plato adaziona kale zimenezi m'gawo lachisanu ndi chinayi la buku lake la Republic, pomwe adafotokoza kuti mwa munthu aliyense, ngakhale waulemu wake, muli zilakolako zolusa zimene zimadzuka iye akagona. Adati maloto abwino amabwera kwa amene wagona atadyetsa nzeru zake maganizo abwino, mimba yake isali yanjala kapena yokhuta mopyola, ndipo mkwiyo wake utazizira.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa ndi tiyi. Utsi wa fodya umafulumizitsa chiwindi kuchotsa caffeine m'magazi, moti wosuta amamwa makapu angapo a tiyi wa masamba ambiri n'kugonabe. Akasiya kusuta, m'masiku ochepa chabe chiwindi chimabwerera pa liwiro lake lakale, ndipo makapu omwewo amakhalitsa m'thupi n'kugwira mwamphamvu kuposa kale. Chomvetsa chisoni n'chakuti wosiya fodya ndiye amawonjezera tiyi kuti pakamwa pasakhale pachabe, kenaka usiku mtima ukugunda, maso ali gwa, iye n'kumati ndi chibaba. Madokotala amalangiza kudula ndi theka tiyi, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija amakonda madalaivala ndi akabaza, ndiponso kusamwa chilichonse mwa izi nkhomaliro ikadutsa. Madzulo madzi, thobwa, chidede kapena madzi otentha a mandimu n'zokwanira. Kusintha komweku kwa chiwindi kumakhudzanso mankhwala ena, monga theophylline wa mphumu ndi clozapine ndi olanzapine a matenda a maganizo, choncho womwa amenewa auze dokotala kuti wasiya fodya.

Mowa ndiye bwenzi lachinyengo. Kachasu pang'ono "kuti tulo tibwere" amagonekadi munthu msanga, koma amapondereza gawo la tulo limene munthu amalota, ndipo mowawo ukatha m'magazi cha kumbandakucha gawo lija limabwerera mwamphamvu, maloto n'kukhala oopsa, kudzuka n'kukhala kwa pafupipafupi. Kuwonjezera apo, mowa ndi fodya adazolowerana kalekale. Ambiri amene amabwerera ku fodya amabwerera ali ndi botolo kapena chipanda m'manja, pakati pa anzawo osuta. Pamenepa ndiye pali mlandu weniweni wa munthu wamaso.

Mankhwala othandiza kusiya fodya nawonso amakhudza tulo. Bungwe la WHO lidaika mankhwala a chikonga pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2009, kenaka varenicline ndi bupropion mu 2021. A Malawi a ku Johannesburg kapena ku London atha kugula m'famase timapepala ta chikonga tomata pakhungu popanda kalata ya dokotala. Kapepalako kakagona pakhungu usiku wonse kamabweretsa maloto amphamvu. Kukachotsa pogona kumachepetsa vutoli, ngakhale kuti chibaba cha m'mawa chimakulirako. Varenicline amadziwika ndi maloto achilendo, bupropion ndi kusowetsa tulo. Amene ali pa ma ARV akumbukirenso kuti efavirenz amalotetsa, ndipo dolutegravir, amene Malawi idayamba kugwiritsa ntchito kwambiri kuyambira mu 2019, amasowetsa tulo anthu ena. Yankho si kusiya mankhwala, koma kufunsa kuchipatala za nthawi yabwino yomwera.

Mlimi wa fodya ali ndi mayesero akeake. Wantchito wa mu ofesi atha kutaya paketi n'kuthana nazo, koma mlimi wa bale ku Kasungu, Dowa kapena Mchinji ali ndi chigafa chodzadza kuseri kwa nyumba, ndipo nyengo yosankha ikafika, masamba ena amasungidwa m'nyumba momwe anthu amagona poopa akuba ndi mvula. Fungo lokhalo limadzutsa chibaba. Masamba aawisi onyowa amalowetsanso chikonga kudzera pakhungu, n'kubweretsa nseru, chizungulire ndi mutu. Wosiya kusuta amene moyo wake uli pa fodya asagone chipinda chimodzi ndi masamba, ndipo akaweruka asambe ndi sopo n'kusintha zovala asanakhale pansi kudya.

Palinso ndudu yomaliza ija ya pakhonde, imene kwa zaka zambiri inali yotsekera tsiku. Ikachoka pamatsala mpata, ndipo thupi silidziwanso kuti tsiku latha. A mpingo wa Seventh-day Adventist, odziwika ku Malawi ndi chipatala cha Malamulo ku Thyolo, adaimvetsa msanga nkhaniyi. Cha mu 1959 ku America dokotala J. Wayne McFarland ndi mbusa Elman Folkenberg adayambitsa maphunziro a masiku asanu othandiza anthu kusiya fodya. Ankalangiza kupewa khofi ndi mowa, kumwa madzi ambiri, kupuma mozama chibaba chikabwera, kusamba madzi ofunda, kuyenda pang'ono ukatha kudya m'malo mokhala pampando umene unkasutirapo, ndiponso kukhala ndi mnzako wolimbikitsana naye. Chosiririka pa maphunzirowo n'chakuti dokotala ndi mbusa ankaima pamodzi kutsogolo, wina osalanda ntchito ya mnzake.

Komabe pali malire a zimene madzulo abwino angathe, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imazama. Kusiya fodya ndi ntchito ya kulimba mtima. Munthu amapambana masana poluma mano, kukana, kudziletsa. Usiku akafika pamphasa amabwera ndi mphamvu yomweyo, n'kumadzilamula kuti agone, akuwerenga maola amene atsala tambala asanalire. Koma tulo sitimva lamulo. Tili ngati nkhuku dzuwa likamalowa: ukaithamangitsa kuti ilowe m'khola imabalalika, koma ukatsekula kakhomo n'kuchokapo imalowa yokha. Viktor Frankl, dokotala wa ku Vienna amene adapulumuka m'misasa ya chipani cha Nazi, ankauza osowa tulo kuti aleke kulimbana, ayese kukhala maso mwadala, chifukwa mantha a kusagona ndiwo akuwaletsa kugona. Salimo 127 likunenanso kuti kulawirira ndi kuchezera n'kwachabe, popeza tulo ndi chinthu chimene Mulungu amapatsa okondedwa ake. Munthu amene waphunzira kulamula dzanja lake masana ayenera kuphunziranso chinthu chovutirapo, ndicho kulandira chimene sangathe kulamula. Wokhulupirira amachita zimenezi m'pemphero lalifupi losiya tsiku m'manja mwa Mulungu. Pemphero la kuchezera kolimbana ndi chiwanda cha fodya mpaka 2 koloko usiku, mokuwa ndi mwamantha, limangochita chimene ophunzira a Wegner adachita, ndipo limalanda munthu wotopa tulo timene akufunitsitsa.

Malangizo a Richard Bootzin a mu 1972, amene akatswiri a tulo akugwiritsabe ntchito, amachokera pa mfundo yomweyi. Munthu apite kukagona pokhapokha tulo tikamugwira. Ngati watha mphindi pafupifupi 20 akungotembenuka, adzuke, akhale pampando pa kuwala kochepa, achite kanthu kodekha, abwerere akayamba kusinza. M'nyumba ya chipinda chimodzi, yokhala ndi ana ogona pansi ndi udzudzu kunja kwa neti, zimenezi si zapafupi, koma kungokhala tsonga mkati mwa neti kuli bwino kusiyana ndi kugona chagada ukulimbana. Asapite pakhonde pomwe ankasutira, asatsekulenso WhatsApp kapena Facebook. Chibaba chikabwera, chimakwera n'kutsika m'mphindi zochepa, kaya munthu wasuta kaya sadasute. M'mawa adzuke nthawi yake ya masiku onse ngakhale wagona maola atatu okha, atuluke padzuwa, agwire ntchito yotulutsa thukuta, ndipo apewe kugona nthawi yaitali masana. Akatero, usiku wotsatirawo thupi limabweza ngongole lokha.

Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi fodya mu 2023, ndipo ndime 14 ya panganolo imalamula maiko kuthandiza anthu ofuna kusiya. Podikira kuti thandizolo lifike pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, amene ali pafupi ndi wosiya fodya ndi mkazi wake, abusa, shehe, mkulu wa mphakati. Iwowa akamva za loto, ayambe afunsa zinthu wamba: mwasiya liti, mukumwa tiyi wochuluka bwanji, dzulo mudamwako mowa, mukumwa mankhwala anji? Apemphere naye ngati akufuna, koma amuuze momveka kuti sadachimwe. Ndipo adziwe nthawi yomutumiza kuchipatala. Kusowa tulo kukapitirira mwezi, kapena munthu akagwa ulesi ndi chilichonse n'kuyamba kulankhula zoti moyo watopa nawo, imeneyo si nkhani ya tiyi. Kutsokomola kumawonjezekadi mwa ena m'masabata oyamba pamene mapapo akudziyeretsa, koma chifuwa chopitirira masabata awiri, chotsagana ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, chifunika kuyezetsa TB, ndipo m'zipatala za boma kuyezetsako n'kwaulere.

Inu amene mwalota mukusuta usiku wathawu, lumbiro lanu silinasweke, ndipo musayambirenso kuwerenga masiku. Ngati dzulo linali tsiku la 12 chisiyireni fodya, lero ndi la 13.